Thabwa Lopanda Chisoni

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mayi a kunyumba amene takhala nawo mpaka mano kutha m'kamwa. Ku Kawale kuno anthu amandidziwa kuti ndine mdala uja wopanga masewera. Ena amati ndi mphatso yochokera kumwamba, ena amati mutu unagwedezeka ndi phokoso la nyundo, poti moyo wanga wonse ndakhala ndikukhoma zidebe ndi mbaula kuseri kwa msika. Onsewo sakudziwa. Ine ndinayamba kupanga masewera chifukwa chofuna chinthu chimodzi chokha pa dziko lapansi: kugonjetsa alamu anga, ngakhale kamodzi.

Alamu angawo ndi achimwene awo a mayi a kunyumba. Anali dalaivala wa malole, munthu wamtali, mawu ngati injini, ndipo bawo anaphunzira kwa akuluakulu a ku Mangochi pamene ankadikira katundu. Tsiku limene ndinapita kukaonekera kuti ndikufuna mlongo wawo, sanandifunse za kwathu kapena za ntchito. Anangotulutsa thabwa la bawo. Tiyi asanazizire anali atandidya nkhomo zonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mlongo wanga mutengeni. Munthu wosewera chonchi sangathe kunamiza mkazi."

Kuyambira pamenepo ndinakhala ndikugonja kwa iwo ngati ntchito ya boma. Tinkasewera pa khonde la telala wina pafupi ndi msika, pamene amuna a dera lathu amasonkhana dzuwa likapendeka. Pakhondepo pali malamulo awiri amene sanalembedwe paliponse. Loyamba n'lakuti wogonja amanyamuka pa benchi, wina akhalepo. Lachiwiri ndilo lalikulu: ukagwira nkhomo za m'dzenje, wasewera zomwezo. Palibe kubweza. Chala chikangokhudza, khonde lonse limakuwa, "Mwagwira!" ndipo zatha. Ndinaonapo munthu akugonja chifukwa chothamangitsa ntchentche. Wina anayetsemula, dzanja n'kugwera m'dzenje lolakwika, ndipo analumbira mpaka kutchula manda a agogo ake, koma anasewera zomwezo. Alamu anga ndiwo anali mkulu wa ansembe wa lamulo limeneli. Ankakuwa "Mwagwira!" mwamphamvu moti telala ankaphonya msoko.

Ine benchi imeneyo sindinaitenthetsepo. Ndikangokhala, alamu ankati, "Alamu, musavule jekete, simukhalitsa."

Nditaona kuti pa bawo palibe changa, ndinayesa dirafuti, ya zitsekerero za mabotolo ija. Anandidya. Ndipamene nzeru inandifikira ndikukhoma chidebe: munthuyu amandiposa chifukwa masewerawa anayamba kuwadziwa ine ndisanawadziwe. Nanga nditapanga anga, amene malamulo ake ali m'mutu mwanga ndekha?

Oyamba ndinawatcha Afisi ndi Mbuzi. Ndinawajambula ndi msomali wotentha pa thabwa limene ndinalipeza kuseri kwa chitseko. Thabwalo linali loyalapo mandasi a mayi a kunyumba, ndipo mlandu wake sunathe mpaka lero. Umadzuka nthawi iliyonse tikasemphana, ngakhale nkhani ikhale ya mchere. Ndinapatsa alamu mbuzi, ine n'kutenga afisi, chifukwa ndinapanga mwadala kuti afisi azipambana. Alamu anamvetsera malamulo akusenda nzimbe. Kenako mbuzi zawo zinatsekera afisi anga pakona ngati ana a sukulu ogwidwa akuba mango.

"Mbuzi zili ndi mwayi," ndinatero. "Tisinthane."

Tinasinthana. Afisi awo anadya mbuzi zanga zonse.

Ndinapanga ena ambiri. Panali a Mpopi, amene zidebe zimalimbirana mzere wa madzi. Panali a Chisankho, amene anali ndi malamulo ochuluka moti amuna awiri anagwirana makolala, telala n'kutiletsa kuwabweretsanso. Panali a Maliro, amene adzukulu amapikisana kuti afike pa mphika wa nyama manda asanathe kukumba. Amenewo akulu a mpingo anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. Onsewa alamu ankawaphunzira madzulo amodzi, n'kundigonjetsa madzulo omwewo.

Ndivomere kuti zinthu zikafika pothina, ndinkakumbukira malamulo atsopano. Ndinkati, "Aa, ndinaiwala kunena, chidebe chofiira chimadumpha kawiri." Tsiku lina alamu anaika nzimbe pansi.

"Alamu, malamulo anuwa ali ndi miyendo. Amayenda. Alembeni kuti akhale pansi."

Onse pakhondepo ankadziwa kuti sindinkatha kulemba. Kwathu ku Dowa ndinakulira kubusa, ndipo sukulu ndinkangoiona padenga. Ndinachita manyazi mpaka m'makutu. Koma sabata yotsatira alamu anafika kunyumba atavala malaya a ku tchalitchi, nandiperekeza okha ku sukulu ya kwacha. Ndinali kale ndi imvi za m'mbali. M'kalasimo mwamuna ndinali ndekha pakati pa amayi ogulitsa tomato, amene ankandiseka ndikatembenuza chilembo. Ndinapirira. Anzanga ankafuna kuwerenga Baibulo ndi makalata a ana awo. Ine ndinkafuna kulemba kuti chidebe chofiira chimadumpha kawiri. Kuyambira nthawi imeneyo, malamulo a masewera aliwonse ndimawalemba ndi penti kunsi kwa thabwa. Sizinathandize. Alamu ankangotembenuza thabwa, kuwerenga, n'kundigonjetsa mwalamulo.

Tinakalamba choncho, iwo akupambana, ine ndikunyamuka pa benchi.

Kenako matenda a sitiroko anawagwetsa m'bafa m'mawa wina. Atatuluka m'chipatala, mbali ya kumanja inali itafa, pakamwa patapotoka, ndipo dzanja lamanzere limene linatsala linkanjenjemera ngati tsamba. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, anawatenga kukakhala nawo ku Area 25. Ine ndinadikira kuti apezeko mphamvu, kenako ndinanyamula thabwa la bawo n'kukwera minibasi.

Ndinawapeza pa khonde, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Ataona thabwa, diso lawo linawala. Tinatchera nkhomo. Ankatola movutika, zina n'kumagwera pansi, ine n'kumatola. Koma mutu unali womwe uja. Posakhalitsa ndinaona kuti akundikonzera manda monga mwa nthawi zonse. Anatambasula dzanja kulunjika dzenje limene likanandimaliza, koma dzanjalo linagwedezeka, zala n'kugwera m'dzenje loyandikana nalo.

Tonse tinaona. Akanasewera dzenje limenelo, ine ndikanawadya mpaka kumaliza. Chigonjetso chimene ndinachisaka kuyambira ndili ndi tsitsi lonse chinali pamenepo, chikundiyang'ana. Koma ndinayang'ana bulangete lija, ndi malovu amene anali pa chibwano chawo, mtima wanga n'kusungunuka. Ndinalankhula mofatsa, ndi mawu amene munthu amalankhulira wodwala.

"Palibe kanthu, alamu. Bwezani. Sewerani limene mumafuna lija."

Anandiyang'ana. Sindinaonepo diso lotero. Kenako analowetsa dzanja lonjenjemera lija kunsi kwa thabwa n'kulitembenuza. Nkhomo zinabalalika mpaka m'maluwa. Anaitana mwana wawo, ndipo ndi lilime lolemeralo anatulutsa mawu amene ndinawamva bwinobwino: "Uyu azipita."

Ndinabwerera ku Kawale ndi thabwa ndi theka la nkhomo. Ndinaganiza kuti akwiyira dzanja lawo, mawa mtima utsika. Sunatsike. Ndikapita, mwana wawo ankatuluka akupukuta manja, nati, "Ankolo, agona." Nthawi zina ndinkawaona ndithu pa windo, ali maso, akuyang'ana khoma. Mlongo wawo ankamulandira, ine ayi. Ndipo uthenga umene mayi a kunyumba ankabwera nawo unkaipiraipira: asiya kutuluka pa khonde, akukana masewera olimbitsa thupi amene achipatala anawauza, chakudya akungochigwiragwira. Mwana wawo anati munthu akangodzipereka ku bedi chotero, bedi limamutenga.

Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya. Ine ndinkadziwa kuti ndinalakwa, koma sindinkadziwa kuti ndinalakwa chiyani, ndipo palibe katundu wolemera ngati ameneyo. Ndinkafufuza mawu anga onse a tsiku lija ngati munthu wofufuza nsabwe m'malaya. Ndinasiya kupanga masewera. Pa khonde la telala ndinayamba kupambana apo ndi apo, poti chilombo chinali chitachoka, koma zinkakoma ngati tiyi wopanda shuga.

Amene ananditsegula maso ndi abusa, ngakhale iwo sadziwa. Anali abusa achilendo a mpingo wina, amene anabweretsa thalauza kwa telala. Podikira anapempha kuti aseweko, ndipo anakhala moyang'anana ndi ine. Ankasewera ngati munthu wobzala nyemba. Pena anagwira dzenje, n'kuzindikira kuti alakwitsa, n'kubweza dzanja msangamsanga. Palibe anakuwa. Mkulu wina wogulitsa makala anati, "Bwezani abusa, palibe kanthu." Anabweza. Anagwiranso lina, anabwezanso, tonse tikumwetulira mwaulemu.

Atangokhota pakona ndi thalauza lawo, khonde linaphulika ndi chiseko. Wina anafunsa wamakala uja kuti bwanji lamulo linagona lero.

"Lamulo ndi la anthu osewera," anatero wamakala. "Amene aja ndi osewera? Amene aja timangowasunga ngati mwana wa mlendo."

Anzanga anapitiriza kuseka. Ine ndinanyamuka pa benchi ndisanagonje, koyamba m'mbiri ya khondelo.

Mayi a kunyumba ndinawapeza akusankha nyemba. Ndinati, "Mayi, ndadziwa chimene ndinawalakwira achimwene anu. Ndinawauza kuti abweze."

Sanadzutse n'komwe mutu. "Mwadziwa lero?"

"Inu mumadziwa?"

"Ndinakuuzani sabata yomweyo. Ndinati munthu uja mwamuika m'manda akupuma. Inu munayankha kuti manda ake ati, n'kutuluka kukafuna nkhomo zogula."

"Bwanji simunabwerezenso?"

"Bambo, ine ndakhala ndikubwereza za thabwa la mandasi kuyambira tili achinyamata. Munamvapo?"

Ndinafuna kupita tsiku lomwelo kukapepesa. Mayi anati ndikapita ndi nkhope yachisoni, achimwene awo akandiponyera ndodo, ndipo akachita bwino. Kupepesa kukanakhala kuwauzanso kachiwiri kuti bwezani. Komanso bawo sakanathanso. Dzanja lija silikanatola nkhomo popanda wina kuwatolera, ndipo kutolera munthu ndi chisoni chomwecho.

Ndiye ndinakhala pansi kuganiza monga wopanga masewera. Panafunika masewera osatola kanthu, ongokankha. Panafunika zinthu zolemera, zoti dzanja lonjenjemera lisazisunthe mwangozi pafupipafupi. Koma chachikulu, panafunika thabwa loti munthu akasewera, wasewera, ngakhale mnzake atakhala ndi mtima wa nkhunda ngati wanga. Sindinkadzikhulupirira. Ndinkadziwa kuti ndikaonanso bulangete lija ndisungunukanso. Choncho nkhanza zimene ndinalibe ndinaganiza zozikhomera m'thabwa.

Ndinagula chitseko chakale kwa ogumula nyumba ku Biwi. Ndinasema misewu yakuya, yokhala ndi mphambano, yonse yochokera mbali imodzi imene ndinaitcha depoti. Pakati ndinapaka mtsinje ndi penti yobiriwira, poti mtsinje wa Lilongwe sindinauonepo uli wabuluu. Pamtsinjepo ndinaika mlatho waukulu umodzi, ndi kamlatho kena kakang'ono kumapeto, kofika mozungulira. Misewu ina inkathera ku galaja, kumene galimoto ikalowa siitulukanso. Maminibasi anali manati akuluakulu a matayala a lole, amene ndinawapempha kwa amakanika, ena ndinawapaka kufiira, ena chikasu. Wopambana ndi amene wawolotsa maminibasi ake ambiri. Osewera amakhala mbali imodzi, phewa ndi phewa, ngati dalaivala ndi kondakitala.

Kenako ndinagwira ntchito ya manja anga enieni. Ndinadula timalata ting'onoting'ono, n'kutipinda, n'kutikhomera pansi pa msewu uliwonse, sitepe iliyonse. Nati ikadutsa, kachitsuloko kamagona, kenako kamadzuka kumbuyo kwake n'kulira kuti tcha! Ikalira choncho, natiyo siibwereranso. Pamwamba pa misewu ndinakhoma timizere ta lata kuti munthu asaizule. Kuti utulutse manati n'kuyambanso, umayenera kumasula thabwa la m'mbali ndi sikuludiraiva. Ndinayesa ndekha kubweza nati imodzi ndi chala, ndipo chipsera chake ndili nacho.

Ndinalemba malamulo kunsi. Masewerawo ndinawatcha Mlatho. Ndinawasewera ndekha kwa masabata, dzanja lamanja kulimbana ndi lamanzere, mpaka ndinadziwa mphambano iliyonse ngati njira ya kuchimbudzi.

Tsiku lopita, mayi a kunyumba anati apita nawo, "kuti ndikatole mitembo." Ananyamula manati m'basiketi, akudandaula njira yonse kuti anakwatiwa ndi munthu wopenga. Kondakitala ataona chitseko anafunsa ngati tikusamuka. Anachimangirira kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala, ndipo chinatuluka chakuda mbali imodzi.

Mwana wa alamu anatuluka akupukuta manja. "Ankolo, agona."

"Asadzuke," ndinatero mokweza. "Sindinabwerere iwo. Ndabwera kudzakhala pa khonde la mwana wanga. Kapena khondeli n'lawonso?"

Anayang'ana mayi a kunyumba, azakhali ake. Azakhali akewo anangomukodola kuti asiye. Ndinayala chitseko pa mipando iwiri, pansi penipeni pa windo la chipinda cha alamu, n'kuyamba kusewera ndekha. Tcha! Tcha! Ndinkalankhula ngati ndikuuza mayi a kunyumba, koma mawu ndinkawaponya pa windo.

"Mayi, awa ndiwo masewera a amuna. Mwamwayi ndawapanga anthu ena atapuma pa ntchito. Akanachita manyazi."

Tcha!

"Ndipo ndi a madalaivala enieni, a m'tauni. Osati aja oyendetsa lole mumsewu wowongoka, kuchoka pano mpaka ku doko akusinza."

Mwana uja anandigwira mkono. "Ankolo, chonde, akumva."

"Amve! Zaka zonse zija ankapambana chifukwa ine ndinkalemekeza ukwati. Munthu sugonjetsa mwini mkazi. Funsa aliyense ku Kawale."

Mayi a kunyumba anatsokomola. M'chipindamo munali zii. Ndinapitiriza mpaka mawu anayamba kusasa, ndipo mumtima ndinayamba kuopa kuti mwina ndachedwa, bedi lawatenga kale. Ndinali nditatsala pang'ono kusiya pamene ndinamva kugogoda kwa ndodo pa simenti. Go. Kenako phazi lokokedwa. Go. Zinatenga nthawi yaitali moti ndikanatha kumwa tiyi. Mwana wawo anafuna kuthamangira m'nyumba, koma azakhali ake anamugwira chitenje.

Anatulukira pa chitseko. Anali ataonda moti malaya ankaoneka ngati apachikidwa pa msomali. Ndevu zinali zitamera mwauve. Mtima wanga unayamba kusungunuka pomwepo, ndipo ndinaluma lilime.

"Mwadzuka, alamu? Pepani phokoso. Bwererani mukagone, izi n'zovuta."

Anadzigwetsa pa benchi pambali panga. Anayang'ana thabwa nthawi yaitali. Kenako anatulutsa liwu limodzi, lolemera koma lomveka: "Malamulo."

Ine ndi mwana wawo tinapendeketsa chitseko kuti awerenge kunsi. Anawerenga ndi diso limodzi, milomo ikuyenda. Anagwedeza mutu, nasankha ofiira.

Ankakankha nati ndi chibakera, pang'onopang'ono, lilime lili panja. Tcha! Ine tcha! Posachedwa ndinaona kuti mutu uja sunafe. Anayamba kunditsekera mphambano, maminibasi anga n'kumaima pa mzere ngati m'mawa wa Lolemba. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwanga. Kenako minibasi yawo yotsogola inafika pa mphambano yomaliza: kumanzere mlatho, kumanja galaja. Anaika chibakera. Dzanja linagwedezeka. Nati inakhotera kumanja.

Tcha!

Alamu anayang'ana natiyo ili m'galaja. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana ine, ndi diso lomwe lija la tsiku la bawo, lodikira.

"Ankolo," mwana wawo ananong'ona, "dzanja latsetsereka, mwaona nokha. Sikuludiraiva ili m'basiketimu, ndaiona."

Ndinayang'ana basiketi. Ndinayang'ana malaya opachikidwa pa msomali aja. Mawu akuti palibe kanthu anali atafika kale pa mano. Mayi a kunyumba anandiponda chala cha kuphazi ndi chidendene chonse.

"Mwagwira!" ndinakuwa. Ndinakuwa moti galu wa nyumba yoyandikana anayamba kuuwa. "Mwagwira, alamu! Yapita imeneyo! Ikagone ku galaja, akaichotse matayala!"

"Ankolo!"

"Iwe khala chete, sukudziwa za amuna. Alamu, laisensi munagula kuti? Munthu msewu wa ku mlatho uli apo, inu mukukhotera kwa amakanika?"

Ndipo ndinawagonjetsa. Sindinawasiyire mpata ngakhale wa singano. Ndinawolotsa achikasu anga mmodzimmodzi, aliyense ndikumuimbira hutala ndi pakamwa. Womaliza atawoloka ndinaimirira n'kuvina pa khonde la eni, mawondo akulira ngati zitseko. Ndinali nditadikira tsiku limeneli kuyambira tiyi uja asanazizire, ndipo ndikuuzeni zoona, linakoma. Anthu amati kupambana wodwala sikukoma. Amanama. Kunakoma ngati nyama ya pa Khirisimasi.

Nditatopa ndinayang'ana alamu. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo mwana wawo anathamangira kuwagwira poganiza kuti matenda abweranso. Koma kunali kuseka. Kunkatulukira mbali imodzi ya pakamwa, pamodzi ndi malovu, koma kunali kuseka.

"Galu," anatero. Anapuma. "Galu wa ku Dowa." Anapumanso, naloza basiketi ndi ndodo. "Masulani. Tcheraninso."

"Wogonja amanyamuka pa benchi," ndinawakumbutsa.

"Benchi... njanga."

Ndinamasula, tinatcheranso. Ulendo uno anasewera modabwitsa. Anathamangitsa minibasi imodzi yokha, osasamala zina, mpaka inafika pakamwa penipeni pa mlatho waukulu. Pamenepo anaisiya. Sanaikankhenso. Achikasu anga onse anafika n'kuunjikana kumbuyo kwake, ndipo poti thabwa langa silibweza, sakanatha kutembenuka. Ndinangokhala n'kumaonerera ofiira ena onse akuyenda mwaulemu njira yozungulira, n'kumawoloka pa kamlatho kakang'ono kaja, mmodzimmodzi.

"Alamu, sunthani galimoto iyo."

"Yafa."

"Yafa bwanji? Kankhani!"

"Mafuta... atha."

"Palibe lamulo lolola munthu kuimika galimoto pa mlatho!"

Anagogoda thabwa ndi chibakera, diso likuwala ngati la mwana wakuba shuga. "Tembenuzani. Werengani."

Sindinatembenuze. Ndinalemba ndekha malamulowo, ndipo ndinkadziwa kuti loletsa munalibe. Mayi a kunyumba anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango, nati kwa mwana uja, "Waona? Bambo ako achira. Amene akudwala tsopano ndi awa."

Tinasewera mpaka dzuwa linapendeka, ndipo sindinapambanenso. Mwana wawo atabweretsa phala, alamu anamwa lonse osazindikira, maso ali pa mphambano. Pochoka ndinafuna kunyamula chitseko changa, koma anachipanikiza ndi ndodo.

"Chigone... kuno," anatero. "Malamulo anu... ali ndi miyendo." Ndili pa geti anaitananso. "Mawa. Musavule jekete."

M'minibasi mayi a kunyumba anandifunsa ngati mtima wanga wakhala pansi tsopano. Ndinati wakhala. Sindinawauze kuti mutu ndiwo unali utaimirira, ukuzungulira pa mlatho paja.

M'mawa mwake ndinadzuka tambala asanatsike. Ndinafufuza m'bokosi la zitsulo mpaka ndinapeza nati ina yaing'ono, yonyezimira. Ndinaipaka penti yoyera, n'kuikhomera kachipewa ka lata pamwamba. Ameneyo anali wapolisi wa pamsewu, woti aziima pa mlatho n'kumachotsa galimoto zakufa. Ndinamukulunga m'pepala penti isanaume bwino, ndinaika kabotolo ka penti ndi kaburashi m'thumba la jekete kuti ndikawonjezere lamulo kunsi kwa thabwa alamu akapita kukasamba, ndipo ndinakwera minibasi yoyamba ya ku Area 25.